Thandizeni, ukulele wa malemu achimwene wakandikakandika, ndiupake penti wanji?

Membala wobisa dzina
Moni nonse pagulu pano. A admin chonde dzina langa lisaoneke, alamu anga ali pagulu lomwe lino ndipo sindikufuna nkhaniyi ikafike kumudzi itathiridwa nsinjiro.

Ndili ndi ukulele, kagitala kakang'ono ka nsambo zinayi kaja. Unali wa achimwene anga amene anatisiya ali ku Cape Town zaka zitatu zapitazo. Katundu wawo atafika abale ankalimbirana mabulangete ndi foni, ine ndinangotola ukulelewu chifukwa ndi umene ankatiimbira pakhonde akabwera pa Khirisimasi. Ndinaphunzira ndekha pa YouTube, usiku ana atagona, ndipo pano ndimaimbira ana a Sande sukulu.

Mu Ogasiti alamu anga anabwera kuti akhala masabata awiri, anakhala miyezi itatu ndi ana awo atatu. Shuga wa mwezi ankatha masiku asanu, koma izo zilekeni. Tsiku lina ndili ku ntchito ana aja anakwera pampando n'kutsitsa ukulele pamwamba pa kabati. Wamkuluyo analembapo dzina lake ndi msomali, pansi penipeni pa nsambo, wamng'onoyo anamatapo masitika a mpira. Nditafunsa, alamu anangoti "kachidole komweko mpaka misozi?" Abambo akunyumba anali pomwepo, sanatsegule pakamwa. Kenaka mvula yoyamba ija denga linadontha pakona pa kabati pomwepo, madzi n'kusiya banga loyera m'mbali mwake. Landilodi wakweza lendi kawiri chaka chino koma lata limodzi lokha akukanika kusintha.

Musandiuze zopita nawo kwa kalipentala. Wina ndinamupatsa ndalama ya tebulo chaka chatha, mpaka lero tikudyera pamkeka. Ndikufuna ndikonze ndekha. Mng'ono wanga akukwatiwa pa 28 mwezi uno wa Disembala ndipo ndinamulonjeza kuti ndidzamuimbira nyimbo imene achimwene ankaikonda. Ndatsala ndi masabata atatu. Ndimafuna ukhale wa buluu ngati nyanja. Ndigule penti wanji? Wa burashi kapena wopopera wa m'chitini uja? Mawu ake sasintha? Sindikuona tulo abale.

Kalipentala wa ku Ndirande
Pepani ndi zonsezi amayi, si tonse akalipentala amene tili choncho. Tisanafike pa penti tiuzeni kaye izi. Suzumirani pabowo lapakatipo, m'katimo mumakhala kapepala kolembedwa dzina la kampani. Kenaka yang'anitsitsani m'mphepete mwa bowolo. Mukaona timizere tosanjikizana ngati masamba a buku, imeneyo ndi plywood. Mitsempha ya thabwa ikamatsika yosaduka kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndi thabwa lenileni. Komanso mwapakapo kale kanthu, kaya polishi, kaya mafuta? Ikani chithunzi tione.

Madala wa Bandi
MUSAPAKE. Ndibwereze, MUSAPAKE. Ine ndaimba gitala m'mahotela zaka zoposa 20, ndikudziwa chimene ndikunena. Mawu a chida ngati chimenecho sachokera mu nsambo zokha, amachokera pa thabwa la pamwambalo likamanjenjemera. Thabwa limenelo ndi lopyapyala, pafupifupi mamilimita 2 basi. Mukalikuta ndi penti wonenepa zili ngati kufunditsa ng'oma bulangete kenaka n'kumadabwa kuti anthu sakuvina.

Ndipo anthu inu mumachiyesa chidole chifukwa simudziwa kumene chinachokera. Mu 1879 sitima yotchedwa Ravenscrag inafika ku Honolulu ndi anthu a pachilumba cha Madeira, odzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Pakati pawo panali amisiri a matabwa atatu, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo. Iwo ndi amene anatenga kagitala kakwawo kotchedwa machete n'kuyamba kukasema ndi mtengo wa ku Hawaii wotchedwa koa. Mfumu Kalākaua inakakonda mpaka kankaimbidwa kunyumba yachifumu. Chida cha kubwalo la mfumu inu mukufuna kuchipaka ngati chitseko cha bafa?

Anaphiri a ku Area 25
Ine za penti sindizidziwa, koma nkhani apa si ukulele ayi. Nkhani ndi abambo akunyumbawo. Mchemwali wawo akukunyozani pamaso pawo iwo ali duu? Achemwali, lero ndi kagitala, mawa ndi mapoto, mkucha mudzapeza atagona pabedi panu. Itanani ankhoswe zisanafike patali.

Mnyamata wa Kabaza
Mwana analemba dzina lake ndi msomaliyo ndiye mwini wake tsopano, wasayinira kale 😂 Mupatseni basi adzaimbe yekha pa ukwatipo.

Anaphiri a ku Area 25
Iwe mwana iwe, munthu akulira mbale wake iwe ukuseka. Unaleredwa kuti?

Wopopera Magalimoto ku Joni
Asisi musavutike. Pitani kwa aliyense wopopera magalimoto, akupoperereni penti wa 2K wa magalimoto uja, primer woyala pansi kaye, buluu pamwamba, clear wowalitsa uja kumapeto. Mawa lake wauma gwa, mukhoza kudziyang'anirapo nkhope. Madala akunama kuti penti amapha mawu. Kampani ya Fender inkapaka magitala ake penti wa magalimoto wa DuPont kuyambira zaka za m'ma 1950, mitundu yomweyo inali pa magalimoto a ku America. Alipo anadandaula?

Madala wa Bandi
Mphwanga, usanditchule wabodza pagulu, ndine msinkhu wa bambo ako. Fender amene ukunenayo ndi gitala ya magetsi, chigogo cha thabwa chopanda mphako, mawu amatengedwa ndi ma pickup kupita ku amplifaya. Ungaipake ngakhale phula, iimbabe. Ukulele ndi kabokosi kamphako, kamadalira thabwa lake lenilenilo. Iwe ukufanizira khasu ndi supuni chifukwa zonse ndi zachitsulo. Ntchito yako ndi mabampa, khala ku mabampa.

Wopopera Magalimoto ku Joni
Nanga maukulele amitundumitundu ali m'masitolo muno, ofiira, achikasu, apinki? Anabadwa choncho mumtengo? Kampani ya Mahalo imagulitsa ambirimbiri opakidwa penti ndipo ana asukulu akuimba bwinobwino.

Madala wa Bandi
Amenewo ndi a plywood otchipa, penti amabisa thabwa lonyansa. Pita ukaone a Kamaka, kampani ya ku Honolulu imene yakhala ikupanga kuyambira 1916, uone ngati koa wawo amamubisa ndi buluu.

Kalipentala wa ku Ndirande
Apa nonse awiri mukunena zoona, n'chifukwa chake ndafunsa kuti ndi thabwa lanji. Ngati ndi wa plywood, penti wopyapyala sasintha mawu moti khutu la ku Sande sukulu n'kumva. Ngati ndi thabwa lenileni, ine sindingapake buluu. Amayi, chithunzi chija.

Namwino wa Usiku
Chonde 2K ameneyo musayerekeze kupopera m'nyumba. Muli mankhwala otchedwa isocyanate amene amayambitsa mphumu, ndipo kansalu kapakamwa ka nthawi ya Covid kaja sikatchinga kanthu. Ngakhale wa m'chitiniyo poperani panja, ana ali kutali, mbaula itazima. Inunso achimwene a ku Joni, mumavala chani pa ntchitopo? Mukamatsokomola usiku musamati ndi kuzizira.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse. Anaphiri mwalasa, ankhoswe ndinawauza kale koma wa kuchimunayo ndi amalume awo a alamu omwewo, ndiye mukuona. Anangoti ana ndi ana. Bambo a bandi, ine sindikuchiyesa chidole, ndi chokhacho chimene ndatsala nacho cha achimwene. Koma dzina la mwana wa eni lili pamenepo, ndikaliona mtima umandiwawa. Chithunzi ndiika, foni yanga kamera inasweka galasi, anaigwetsa ndi ana omwewo.

Mayi a Mapasa
Ine ndingokuchenjezani za nyengoyi. Chaka china mu Januwale ndinagula mipando inayi ya mlombwa, yokongola, ndinati ndiipake vanishi ndekha alendo a chinkhoswe asanabwere. Ndinapaka madzulo mvula itangokata. M'mawa ndinapeza yonse yachita mbuu ngati yagwa nkhungu, ndipo ukakhalapo chitenje chimatsalira. Apongozi anga anakhalapo ndi diresi yawo yatsopano, ponyamuka mpando unanyamuka nawo. Mpaka lero akadwala amati ndinawatchera dala. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano sadya nsima ya m'nyumba mwanga. Mipandoyo ndinapatsa mng'ono wanga, sindifuna n'kuiona komwe.

Kalipentala wa ku Ndirande
Chimenecho ndi chinyezi, chimatsekeredwa pansi pa vanishi akamauma. Banga loyera la madzi a denga lija ndi zomwezo. Nyengo ino pakani m'mawa wa tsiku lowala, cha m'ma 10, osati madzulo. Koma musayanike padzuwa, guluu amafewa ndipo thabwa limang'aluka. Pamthunzi podutsa mphepo.

Achisale a ku Mchinji
Zonsezi n'zachizungu. Tengani galasi la botolo losweka mupale, mmene timachitira ndi mipini ya makasu, isalala ngati tsaya la khanda. Penti wakale akakanirira thiranipo brake fluid pang'ono, amasupuka yekha.

Madala wa Bandi
Ambuye tichitireni chifundo. Galasi? Brake fluid? Achisale, mpini wa khasu ndi wonenepa ngati dzanja, ichi n'chopyapyala ngati chikuto cha buku. Ndinaona ndi maso angawa mnyamata wa m'bandi mwathu akupala gitala yabwinobwino ndi mpeni kuti alembepo dzina la chibwenzi. Anaboola. Tinakaimba ku ukwati ku Zomba gitala ili ndi pulasitala pamimba, ndipo chibwenzicho chinakwatiwa ndi woimba ng'oma. Anthu simumva. Zipsera pa chida ndi mbiri yake. Amayi, m'mene achimwene anu ankagwira pakhosipo pali kuda kwa thukuta la dzanja lawo. Mukapala, mwachotsa dzanja lawo. Mudzalira kawiri.

Kalipentala wa ku Ndirande
Brake fluid ayi ndithu, imalowa m'thabwa ndipo pambuyo pake palibe penti kapena guluu amene angagwire. Pa plywood chikopa chokongola cha pamwambacho sichikwana n'komwe milimita imodzi, galasi kapena mashini zimachidya kamodzi n'kamodzi.

Kuti mudziwe chimene anapaka ku fakitale, sankhani malo obisika kuseri kwa mutu. Donthezani spiriti wofiirira uja pa kathonje mugwiritse masekondi angapo. Pakafewa ndi shellac. Pakapanda kufewa yesani thinner wa lacquer. Pakafewa ndi lacquer. Zonse zikakanika ndi polyurethane kapena polyester, ndipo otchipa ambiri ndi amenewo. Ameneyo musalimbane naye kuti achoke. Mungomupha kuwala ndi sandipepa ya 320, ndi dzanja, motsata mitsempha ya thabwa, mpaka achite mbuu paliponse. Masitikawo achotseni kaye ndi kansalu ka parafini pang'ono, mupukute pouma.

Gogo Mphunzitsi Wopuma
Ndawerenga zonse ndipo chikundimvetsa chisoni n'chakuti pagulu la anthu masauzande tikukangana za chida cha ku Hawaii. Ndani pano angamange bangwe? Ndani anaonapo kaligo? Ife tili ana tinkapanga banjo ndi chigubu cha mafuta, khosi la mtengo, nsambo za waya wa buleki ya njinga, ndipo mudzi wonse unkavina. Mwana wanga, pa ukwati wa mng'ono wako bwanji osaitana amayi a chisamba adzaimbe zakwathu?

Madala wa Bandi
Agogo, ulemu wanu, koma mwatchula waya wa buleki ndiye ndiyenera kulankhula wina asanayese. Ukulele ndi wa nsambo za nayiloni. Mukaika waya, kathabwa komangirira nsambo kaja, bridge, kamazuka ndi chikopa chomwe, khosi n'kupindika ngati uta. Banjo yanu ya chigubu inkapirira chifukwa chigubu sichidandaula. Ndipo za mitengo, musaganize kuti zonse n'zakunja. Mbawa yathu yomweyi azungu amaitcha African mahogany ndipo amapangira magitala ndi maukulele. Ife tikuotcha makala.

Msodzi wa ku Nkhotakota
Nsambo zikaduka musavutike kuitanitsa kunja, twaini ya mbedza imagwira, bola mupeze manambala osiyana kunenepa. Ya C ndi imene imafuna yonenepa kwambiri. Mwana wanga akuimbira yomweyo chaka chachiwiri.

Madala wa Bandi
Pamenepo ndiye ndavomera, kwa nthawi yoyamba lero wina wanena zanzeru. Kutchuna kwake G, C, E, A kuchokera pamwamba, ndipo G ameneyo ndi wokwera, osati wotsika ngati pa gitala. Nsambo zatsopano zimatamuka masiku angapo, ndiye osaziika m'mawa wa ukwati. Izinso ndi chifukwa china chosayambira ntchito ya penti kutatsala masabata atatu.

Zodzola ndi Zikwama Limbe
Tili ndi zikwama za ukwati, nsapato ndi mawigi, zafika kumene. Inbox.

Anaphiri a ku Area 25
A admin chotsani uyu. Ndipo inu Madala mwalemba kokwana, mwayankha aliyense ngati gulu ndi lanu. Mayiyu sanafunse mbiri ya sitima.

Madala wa Bandi
Anaphiri, inu mwabwera ndi ankhoswe pa nkhani ya penti, ndiye musandiwerengere mawu. Ine ndikuteteza chida chimene sichingadziyankhulire.

Kalipentala wa ku Ndirande
Amayi ngati mwatsimikiza za buluu ndipo ndi plywood, masabata atatu akwana mukayamba mawa. Masulani nsambo, chotsani zotchunira zinayi zija, tizisikuluwu tiikeni m'kabotolo tingasowe. Matani masking tape pakhosi pamene pali timizere tachitsulo, pa bridge, ndi pa kafupa koyera ka kumutu. Pabowo lowetsani nyuzipepala yofwinya. Dzina la msomalilo musalikumbe, lidzazeni ndi filler ya matabwa, ikauma musalaze. Kolekani ukulele ndi waya kudzera pa bowo la chotchunira. Primer kamodzi mopyapyala, buluu kawiri kapena katatu, chitini chikhale masentimita 25 kuchokera pa thabwa ndipo dzanja lisaime malo amodzi, likaima penti amayenderera. Clear wake akhale wa kampani yomweyo, chifukwa mukasakaniza mitundu wina amadya mnzake. Kenaka musiyeni sabata yathunthu kapena iwiri musanabwezere nsambo. Koma simunandiyankhebe, mwapakapo kale kanthu?

Wopopera Magalimoto ku Joni
Funso limenelo ndi lofunika. Polishi wopopera wa mipando uja amakhala ndi silicone, penti akafika pamenepo amathawa n'kusiya timaenje ngati maso a nsomba. Ife kuno munthu akalowa naye mu workshop timamuthamangitsa.

Mayi a Mapasa
Bwanji osangopaka mafuta a linseed basi? Mlamu wanga anapaka pa tebulo, likuwala mpaka lero. Ine ndikanadziwa sindikanadana ndi apongozi.

Kalipentala wa ku Ndirande
Linseed amafuna thabwa lamaliseche, pamwamba pa vanishi salowa, amangonanda. Ndipo sanza zake musaziunjike pakona, zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Ziyanikeni chotambasula panja kapena muziviike m'madzi.

Membala wobisa dzina
Pepani ndinali ku pulakatisi ya kwaya, ndipo kumenekonso kuli nkhani, mayi wina akufuna nyimbo yangayo aimbe mwana wake. Zikomo bambo kalipentala, ndalemba zonse m'kope. Ndiye wa m'chitiniyo ndipopere pamwamba pa amene ndinapaka Loweruka uja, kapena ndidikire aume kaye? Chifukwa mpaka lero akunanda, ndikagwira chala chikudinda, ndipo nyerere ziwiri zakanirira pafupi ndi bowo. Ndi penti wa mafuta amene anatsala popaka chitseko cha kukhitchini, wobiriwira, sindinamukonde.

Mnyamata wa Kabaza
Eeee amayi, anthu akhetsa thukuta tsiku lonse kumanga mlatho, kani inu munawoloka kale Loweruka 😂😂

Madala wa Bandi
PENTI WA CHITSEKO. Ndinanena ine za chitseko m'mawa uja, anthu n'kumati Madala amalankhulitsa. Amayi mwandipweteka mtima. Chida chayenda ulendo wonse kuchokera ku Cape Town, chapulumuka msomali, chapulumuka mvula, kudzagwa m'chitini cha chitseko cha kukhitchini. Burashi yake inali iti? Musandiuze, ndingadwale. Mwana wa alamu anu analemba mizere isanu, inu mwakuta thupi lonse.

Anaphiri a ku Area 25
Basi Madala, zakwana. Munthu anachita chifukwa cha kuwawidwa mtima, inu simunaferedwepo? Achemwali musawamvere. Akanakhala kuti abambo akunyumba anadzudzula mchemwali wawo tsiku lomwelo, bwenzi zonsezi kulibe.

Madala wa Bandi
Ndinaferedwa mkazi, Anaphiri, ndipo mpando wake uli mmene anausiyira. N'chifukwa chake ndikukuwa.

Kalipentala wa ku Ndirande
Amayi musapopere chilichonse pamenepo, wa m'chitini akagwa pa penti wa mafuta wosauma zonse zimakwinyika ngati khungu la nkhalamba. Sandipepanso ayi, ingodzaza phala. Mwayi wanu ndi woti akadali wofewa. Ngati simunapale musanapake, ndiye kuti wangokhala pamwamba pa vanishi wa ku fakitale ndipo akhoza kuchoka yense. Tengani khadi yakale ya pulasitiki, ya ku banki kapena imene munathyolamo SIM, mukankhe pang'onopang'ono mopendeketsa. Zotsalira pukutani ndi kansalu konyowetsa thapentaini, kofinya bwino, kachigawo kamodzi nthawi imodzi, kenaka kansalu kouma. Thinner ndi acetone ayi, zimasungunula pulasitiki ya m'mphepete. Samalani pasayenderere kulowa pansi pa bridge kapena m'bowo. Chitani panja, lero lomwe, tsiku lililonse akuumirauma.

Wopopera Magalimoto ku Joni
Akachoka yense bwererani pa zimene ndinanena zija, 2K tsiku limodzi nkhani yatha.

Namwino wa Usiku
Achimwene simunandiyankhe za chovala kumphuno.

Madala wa Bandi
Akachoka yense musapakenso kanthu. Pitani nawo ku ukwati ndi dzina la mwanayo lomwe, palibe mlendo amene adzabwere ndi tochi kudzawerenga. Ngati likukuwawani, matanipo kachikopa kopyapyala kamene timamata pa magitala poteteza zikhadabo. Ndipo nditumizireni dzina la pa kapepala ka m'katimo, kuyambira m'mawa palibe amene walimva.

Membala wobisa dzina
Ndayamba ndi khadi ija pakhonde, kumbuyo akuchoka ngati khungu la mbatata yophika, mtundu wakale ukuoneka. Kutsogolo kokha akukanirira pamene ndinapala ndi sitiliwulu ya mapoto kuti dzina lifufutike. Kapepala ka m'kati sikakuwerengeka, penti anadontherapo. Alamu anga angondiimbira kawiri, sindinayankhe.

Kalipentala wa ku Ndirande
Munapala mpaka kufika pa thabwa loyera, kapena kuwala kokha ndi kumene kunachoka? Bwerekani foni ya aneba mujambule pamenepo musanapitirize.